Zolemba za ntchito yoteteza zinsinsi za ophunzira pophunzitsa ndi intaneti

Sabata yoyamba

Komiti ya sukulu yatipatsa ife aphunzitsi anayi ntchito yoti, teremu ino isanathe, tilembe ndondomeko ya momwe masamba a mchezo ndi mapulogalamu a pa intaneti angagwiritsidwire ntchito pophunzitsa popanda kuulula zinsinsi za ophunzira. Anzanga andisankha kukhala mlembi, choncho ndizilemba muno zomwe tachita, zomwe zatikanika ndi zomwe zatsala, kuti amene adzalandire ntchitoyi m'tsogolo asadzayambirenso pachiyambi.

Tayamba ndi kalembera. Tapempha mphunzitsi aliyense kuti alembe pulogalamu iliyonse imene anaikamo dzina, chithunzi, mawu kapena ntchito ya wophunzira, ngakhale atakhala kuti anaigwiritsa ntchito kamodzi kokha. Mndandandawo watalika kuposa momwe tonse tinkaganizira. Kupatula zodziwika kale, monga magulu a WhatsApp, tsamba la sukulu la pa Facebook ndi makalasi a mu Google Classroom, mwatuluka mapulogalamu ang'onoang'ono a mafunso ndi a masewero a masamu amene aphunzitsi ena anawapeza okha, n'kulembetsamo kalasi yonse, kenaka n'kuwaiwala. Mwatulukanso magulu a makalasi amene anatsiriza kale maphunziro, omwe mpaka lero ali ndi manambala a ana ndi a makolo awo, ndipo ena mwa maguluwo adimini wake ndi mphunzitsi amene anasiya ntchito pano kalekale. Palibe amene anachita izi ndi mtima woipa, pakuti aliyense ankangofuna kuti phunziro lake likome, koma zotsatira zake n'zakuti sukulu singathe kunena motsimikiza kuti mayina a ophunzira ake ali pamalo angati.

Sabata yachiwiri

Sabata ino yathera pa kuwerenga. Ife si maloya, ndipo malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma tinafuna kuona mfundo zimene zimabwerezedwa m'malamulo ambiri. Maziko ake ndi Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana la mu 1989, limene pa ndime 16 limaletsa kulowerera mwachisawawa kapena mosatsata lamulo pa moyo wamseri wa mwana, pa banja lake, pakhomo pake ndi m'makalata ake. Mu 2021 komiti yoyang'anira panganoli inatulutsa ndemanga yake ya nambala 25, yofotokoza kuti ufulu wa ana sumathera pamene mwana wayatsa foni kapena kompyuta.

Mnzathu wina anafunsa chifukwa chake Facebook, Instagram ndi TikTok amafuna kuti wotsegula akaunti akhale wa zaka zosachepera 13. Malire amenewa amayenderana ndi lamulo la ku America lotchedwa COPPA, la mu 1998, limene limafuna kuti kampani ipeze chilolezo cha kholo isanatolere chilichonse chokhudza mwana wosakwana zaka 13, ndipo makampani ambiri anaona kuti n'kwapafupi kungowatsekera kunja ana oterowo kusiyana ndi kumafunafuna makolo awo. Ku Ulaya, lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, limaika malirewo pa zaka 16, koma limalola dziko lililonse kuwatsitsa mpaka pa 13. Kwa ife phunziro lake ndi lakuti mphunzitsi amene auza kalasi ya ana a zaka 11 kuti itsegule maakaunti pa masamba amenewa, ndiye kuti wawauza anawo kuti aname chaka chimene anabadwa, ndipo wawaphunzitsa kuti bodza loterolo lilibe kanthu.

Mu GDPR yomweyo, pa ndime 5, muli mfundo imene tagwirizana kuti ikhale msana wa ndondomeko yathu: tolerani zokhazo zimene zikufunikadi pa cholinga chimene mwanena, ndipo musazisunge kupyola nthawi imene zikufunika. Ife taisandutsa funso loti tizidzifunsa tisanalembe chilichonse cha mwana m'pulogalamu: kodi phunziroli lingalephereke chinthu chimenechi chitapanda kulembedwa?

Sabata yachitatu

Lachiwiri tinakhala anayi tonse pa kompyuta imodzi kuona zithunzi zimene zili pa tsamba la sukulu. Ndilemba za chimodzi chokha, chifukwa ndi chimene chinatitsegula maso. Ndi chithunzi chokongola cha phunziro la sayansi, momwe ana atatu awerama pa tebulo, mmodzi akuthira madzi m'botolo, anzakewo akuseka. Pansi pake panalibe dzina lililonse, ndipo mphunzitsi amene anachiika ananena mokhutira kuti iwo anasamala. Titachikulitsa, pachikuto cha kope limene linali pakona ya tebulo panaoneka dzina lonse la mwana mmodzi m'zilembo zikuluzikulu, pa malaya ake panaoneka baji ya sukulu, pa bolodi panali tsiku ndi dzina la kalasi, ndipo kukhoma kunali ndandanda ya maphunziro yosonyeza ola limene kalasiyo imaweruka. Munthu amene sanapondepo pano akanatha kudziwa dzina la mwanayo, nkhope yake, kumene amaphunzira ndi nthawi imene amatuluka pachipata, zonsezo kuchokera pa chithunzi chimodzi chopanda mawu.

Palinso zina zimene maso saona. Foni ikajambula, imasunga mkati mwa fayilo ya chithunzicho zinthu zotchedwa EXIF, monga tsiku, ola, mtundu wa foni, komanso malo enieni pamene wojambula anaima ngati GPS inali yoyatsa. Masamba akuluakulu a mchezo amachotsa zimenezi pa chithunzi chimene anthu ena amaona, koma chithunzi chotumizidwa pa imelo kapena chotumizidwa ngati fayilo chimapita nazo zonse. Tinayesa tokha potumizirana chithunzi cha m'kalasi pa imelo, ndipo titatsegula tsatanetsatane wake, mapu anatilozera mdadada weniweni umene muli kalasiyo.

Tagwirizana kuti zithunzi za pa tsamba loonedwa ndi aliyense zizionetsa manja ndi ntchito imene ikugwiridwa, osati nkhope. Kuti wojambula azizimitsa malo pa kamera ya foni. Komanso kuti chithunzi chisanaikidwe, mphunzitsi wachiwiri azichikulitsa n'kuyang'ana m'makona monse. Mnzathu amene amayendetsa tsambali wadandaula kuti litaya kukoma, ndipo sakunama, chifukwa makolo amabwera pa tsamba kudzaona nkhope za ana awo, osati mabotolo. Sitinamutsutse, tangomupempha kuti zithunzi za nkhope zizipita kwa makolo a ana ojambulidwawo mwachindunji. Zithunzi zakale zambiri tazichotsa, ngakhale tikudziwa kuti amene anazisunga kale m'mafoni mwawo ali nazobe.

Sabata yachinayi

Nkhani ya magulu a WhatsApp yatidyera nthawi chifukwa ndi chida chimene aphunzitsi ndi makolo amachidalira kwambiri. Ambiri amati n'chotetezeka, poti kuyambira mu 2016 mauthenga ake amabisidwa kuchokera kwa wotumiza kufikira kwa wolandira, moti ngakhale kampaniyo singawawerenge. Zimenezo n'zoona, koma chitetezocho n'cha uthenga umene uli m'njira. Ukafika, aliyense wa m'gulu angathe kuujambula pa sikirini kapena kuutumiza kwina, ndiponso aliyense amaona manambala a anzake onse. Komanso foni imene ili m'gulu la kalasi kawirikawiri si ya mwana yekha, pakuti amabwerekana ndi makolo kapena abale ake, choncho mphunzitsi akalemba kuti wakutiwakuti sanabwere masiku atatu chifukwa akudwala, uthengawo umawerengedwa ndi anthu amene ifeyo sitiwadziwa n'komwe.

Pa zolengeza wamba tasankha mndandanda wotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri, umene olandira ake saonana manambala. Uli ndi zovuta zake, chifukwa umalola anthu 256 okha ndipo uthenga umafika kwa amene anasunga nambala ya wotumiza basi, kotero tayenera kukumbutsa makolo kuti asunge nambala ya sukulu. Pamene gulu likufunikadi, lizikhala ndi maadimini awiri, ndipo malikisi, matenda, chilango kapena mavuto a kunyumba asamalembedwemo. Tawonjezeranso kuti mphunzitsi asamalemberane ndi wophunzira awiriwiri; ngati pali chonena, kholo kapena mphunzitsi wina azikhala m'zokambiranazo. Mfundo imeneyi ikuteteza mwana, komanso ikuteteza mphunzitsi yemweyo tsiku limene wina adzafunse zimene ankalemberana.

Sabata yachisanu

Sabata yopanda zambiri. Tasintha mapasiwedi a maakaunti onse a sukulu, tayatsa kutsimikizira kwachiwiri polowa, kuti pasiwedi yokha isamakwanire kutsegula akaunti, ndipo tachotsa pa uadimini wa maakauntiwo aphunzitsi amene anasiya ntchito pano. Pa maphunziro a pa vidiyo tatsatira zimene sukulu zambiri zinaphunzira mu 2020, pamene anthu achilendo ankalowerera makalasi a pa Zoom mpaka kampaniyo inaika pasiwedi ndi chipinda chodikiriramo kuti zizikhala zoyatsiratu. Linki ya kalasi isamaikidwe poyera, ndipo mwana asamakakamizidwe kuyatsa kamera, chifukwa kamera imaonetsa m'nyumba mwa anthu.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Izi ndikulemba ndi manyazi, koma ziyenera kulembedwa. Lachinayi madzulo bambo ena, kholo la mwana wa m'kalasi mwanga, anandiimbira foni n'kunena kuti, "Aphunzitsi, pepani kukusokonezani nthawi ino, koma mwana wanga wandionetsa malikisi a kalasi yonse pa foni, ndiye ndimati mwina simukudziwa." Sindinkadziwadi. Masana a tsiku limenelo ndinafuna kuti mnzanga aone fayilo ya zotsatira za mayeso, ndipo pofulumira ndinaitsegula kuti aliyense amene ali ndi linki aione, kenaka linkiyo ndinaiponya m'gulu lolakwika, chifukwa gulu la aphunzitsi ndi gulu la kalasi anali ndi mayina ofanana poyambira. Uthengawo ndinaufufuta patapita mphindi zochepa, n'kumaganiza kuti zatha, osakumbukira kuti fayilo yeniyeniyo inali chitsegukire kwa amene anali atadina kale.

Malikisi okha akanakhala nkhani yopiririka. Chimene chinandisowetsa tulo ndi danga la kumapeto kwa fayiloyo, momwe ndinkalembamo ndemanga zondithandiza ine ndekha, monga zakuti uyu akufunika thandizo lapadera pa kuwerenga, kapena zakuti uyu wabwerera m'mbuyo chifukwa cha zovuta za kunyumba. Madzi akatayika saoleka. Usiku womwewo ndinatseka linkiyo n'kudziwitsa aphunzitsi aakulu, m'mawa mwake tinalembera makolo onse a kalasiyo kufotokoza zimene zinachitika ndi kuwapempha kuti afufute chilichonse chimene anasunga, ndipo ana amene ndemanga zawo zinaoneka ndinalankhula nawo mmodzimmodzi ndi kuwapepesa. Mmodzi sanandiyankhe kanthu, anangoyang'ana pansi mpaka ndinamulola kupita.

Ndivomere kuti kwa kanthawi ndinaganiza zongokhala chete, poti ine ndi amene ndikulemba ndondomeko yoteteza zinsinsi. Maganizo amenewo ndi amene atipangitsa kuwonjezera gawo limene sitinaliganizire poyamba, lonena zoyenera kuchita zinthu zikalakwika: woti auzidwe ndani, pasanathe nthawi yotani, ndipo makolo awauze ndani. GDPR imapatsa mabungwe maola 72 kuti adziwitse akuluakulu oyang'anira zinsinsi, ndipo ife tabwereka nzeru yokhala ndi malire a nthawi, koma m'kati mwa sukulu tati mphunzitsi anene tsiku lomwelo. Talembanso momveka kuti wodziulula yekha msanga asalandire chilango, chifukwa mphunzitsi wamantha amabisa, ndipo pamene akubisapo linki imakhala ikuyendabe. Kuyambira tsopano mafayilo a zotsatira azigawidwa kwa maakaunti otchulidwa mayina okha, ndemanga zokhudza moyo wa mwana zisamakhale m'fayilo imodzi ndi malikisi, ndipo magulu onse tawapatsa mayina oyamba mosiyana.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Tabwerera ku mndandanda wa sabata yoyamba kuti tiunike mapulogalamu amodziamodzi. Kuwerenga mfundo zimene makampani amalemba zokhudza zinsinsi n'kotopetsa, ndipo sindikudabwa kuti anthu ambiri amangodina kuti avomera, koma safunsa anadya phula. Mu 2022 bungwe la Human Rights Watch linaunika mapulogalamu ndi masamba ophunzitsira 164 amene maboma a mayiko 49 anavomereza pa nthawi ya mliri wa Covid-19, ndipo linapeza kuti 146 mwa iwo ankachita zinthu zoika ufulu wa ana pachiswe, monga kutsatira zimene ana akuchita pa intaneti ndi kutumiza zimenezo ku makampani otsatsa malonda. Kuvomerezedwa ndi akuluakulu, tsono, sikutanthauza kuti wina anayang'ana mkati.

Nkhani imene yatikhudza kwambiri ndi ya Edmodo, tsamba limene aphunzitsi ambiri pa dziko lonse ankaligwiritsa ntchito mpaka linatsekedwa mu 2022. Mu 2023 bungwe la boma la America la FTC linaimba kampaniyo mlandu wogwiritsa ntchito zinthu zokhudza ana potsatsa malonda, komanso wokankhira sukulu ndi aphunzitsi udindo wopeza chilolezo cha makolo popanda kuwapatsa zonse zimene ankayenera kudziwa, ndipo chindapusa chinaikidwa pa madola 6 miliyoni. Titawerenga zimenezi tinapeza mawu ofanana nawo m'mapulogalamu ena a pa mndandanda wathu, akuti mphunzitsi polembetsa kalasi akutsimikiza kuti makolo avomera. Aphunzitsi athu anadina pamenepo osafunsa kholo ngakhale limodzi.

Pa pulogalamu iliyonse tikufunsa zimene imatolera, kumene imazisunga, amene imagawana nawo, ngati imaonetsa malonda kwa ana, ndiponso ngati pali njira yofufutira zonse tikaisiya. Imene yalephera kuyankha funso lomalizali taisiya, ngakhale ina ana ankaikonda. Pa mapulogalamu a mafunso amene tawasunga, ophunzira azilowa ndi nambala kapena dzina longopeka, ndipo pepala losonyeza mwini nambala lizikhala m'kabati yokhoma. Tapeza kuti masewero a masamu amayenda bwinobwino popanda dzina lenileni la mwana, tsiku lobadwa kapena chithunzi chake, ngakhale fomu yolembetsera imafunsa zonsezo.

Takambiranakonso za Moodle, pulogalamu yaulere yophunzitsira pa intaneti imene inatuluka mu 2002 ndipo sukulu ingathe kuiika pa seva yakeyake, kutanthauza kompyuta yosungira zonse za pulogalamuyo. Ubwino wake ndi wakuti zinthu za ana zimakhala m'manja mwa sukulu, koma pamafunika munthu woisamalira ndi kuikonzanso nthawi zonse, ndipo seva yosasamalidwa ingakhale yoopsa kuposa ya kampani. Sitinagamule.

Sabata yachisanu ndi chitatu ndi yachisanu ndi chinayi

Fomu yakale ya chilolezo inali ndi chiganizo chimodzi, choti kholo likuvomera kuti sukulu igwiritse ntchito zithunzi ndi zina za mwana pa ntchito zake. Yatsopanoyi yalekanitsa zinthu: kuvomera kuti ntchito ya mwana iikidwe m'kalasi yotsekedwa ya pa intaneti n'kosiyana ndi kuvomera kuti nkhope yake ioneke pa tsamba la aliyense, ndipo kholo lingathe kuvomera china n'kukana china, kapena kusintha maganizo pakati pa chaka popanda kufotokoza chifukwa. Tailemba m'mawu a tsiku ndi tsiku, ndipo tinaiyesa pa makolo angapo amene anatiuza mosabisa pamene sanamve.

Koma chimene chatenga masabata awiriwa si fomu ayi. Mphunzitsi wa chilankhulo anakonza zoti ophunzira ajambule mavidiyo akulankhula, ndipo ataona mafomu onse atasainidwa, anayamba kujambula. Ataweruka, mtsikana wina anatsalira pakhomo la kalasi, n'kudikira anzake atuluke, kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, ndikakana kujambulidwa, kodi malikisi mundichotsera?" Makolo ake anali atavomera, koma iyeyo sankafuna, ndipo anali atajambulidwa kale kawiri asananene kanthu. Funso lake latisonyeza kuti mwana amene akufunsidwa ndi munthu yemwe amachonga mayeso ake sakana mosavuta, ndipo kuvomera kwake kumakhala kwa dzina lokha ngati kukana kuli ndi mtengo wake.

Choncho talemba kuti pa chilichonse chimene chituluke kunja kwa kalasi pafunika kuvomera kwa kholo ndi kwa mwana yemwe, ndipo mmodzi wa iwo akakana, chinthucho sichituluka. Talembanso kuti ntchito iliyonse yofuna chithunzi, mawu kapena akaunti izikhala ndi njira ina yofanana nayo mphamvu, yolengezedwa kwa kalasi yonse poyambirira, kuti wosankha njira imeneyo asaoneke ngati wachilendo. Mtsikana uja analankhula pamaso pa mphunzitsi popanda kamera ndipo anachongedwa ndi muyeso womwewo. Aphunzitsi ena adandaula kuti kukonza njira ziwiri pa phunziro limodzi ndi ntchito yowonjezera, ndipo madandaulo awo ndi omveka. Yankho lokhalo limene tili nalo pakadali pano ndi lakuti njira zoterozo tizikonzera limodzi n'kumabwerekana.

Pa nkhani yomweyi, mphunzitsi wa zamalonda ankafuna kuti ophunzira akuluakulu atsegule masamba a pa Instagram otsatsira malonda ongoyerekeza. Tinamukumbutsa kuti mu 2022 bungwe loteteza zinsinsi la ku Ireland linalipiritsa Instagram mayuro 405 miliyoni, mwa zina chifukwa achinyamata amene anasintha maakaunti awo kukhala a bizinesi ankapezeka kuti manambala a foni ndi maimelo awo akuoneka poyera. Tagwirizana kuti zotsatsazo azizikonza ndi kuzionetsa m'kalasi yotsekedwa, popeza luso limene akuphunzira silidalira kuti anthu achilendo azione.

Sabata yachikhumi

Patuluka nkhani imene sinali pa mndandanda woyamba. Aphunzitsi ena amaika zimangirizo za ophunzira m'mapulogalamu ocheza nawo a nzeru zopangidwa kuti awathandize kuchonga, ndipo m'zimangirizo zotero ana amalemba mayina awo, a abale awo ndi zinthu za m'nyumba mwawo. Pakadali pano tati mayina ndi zonse zozindikiritsa mwana zizichotsedwa kaye, ndipo chimangirizo chofotokoza za moyo wa mwana mwiniwake chisamaikidwemo n'komwe, chifukwa kuchotsa dzina sikubisa nkhani imene aliyense womudziwa angaizindikire. Gawo limeneli likufunika kuunikidwanso teremu ikubwerayi.

Ndondomeko yonse yakwana masamba atatu, ndipo aphunzitsi aakulu aiwerenga n'kupempha kuti gawo la zoyenera kuchita zinthu zikalakwika libwere patsogolo. Magulu a makalasi amene anatsiriza kale tawatseka onse kupatula limodzi, limene adimini wake sitinamupezebe. Talembera makampani a mapulogalamu amene tawasiya kuwapempha kuti afufute maakaunti a ophunzira athu. Ena atsimikiza kuti atero, koma awiri sanayankhe. Sabata yamawa tikumana ndi ophunzira osankhidwa m'kalasi iliyonse kuti atiuze zimene taphonya, kenaka tipereke zolembazi kwa komiti. Makampani awiri aja ndiwalemberanso Lolemba, ndipo kalata iliyonse ndisunga kope lake m'fayilo ya ntchitoyi.